Dzina Lathu pa Pepala la Alamu

Mwezi uno tinayamba tapempha cilolezo kwa alamu athu kuti tilembe za iwo. Anakhala cete nthawi yaitali akuyang'ana pansi, ndipo pambuyo pake anati: "Lembani alamu, malinga musachule dzina. A kwathu kuno akuidziwa kale nkhaniyi, ndipo a kutali alibe nalo nchito dzina langa." Cotero dzina sitichula. Tingonena kuti iwo ndi mlongo wao wa amai a kunyumba kwathu, amalume a ana athu, mwini mbumba, munthu amene anagwira coko zaka 30 m'masukulu a m'boma la Katete asanapume pa nchito.

Atalandira ndalama za penshoni mu 1922 tikanati ndi nthano, koma zinali za dzulo-dzuloli, mu 2022. Sanazimwere, ndipo sanakwatire nazo mkazi waciwiri monga amacitira ena amene tonse tikuwadziwa. Anaganiza zoika cigayo ca magetsi pafupi ndi msika. Penshoniyo inakwanira kumanga cipinda ndi kukokera waya, koma siinakwanire makina. Anapita ku kampani ina yokongoza ndalama natenga K120,000, ndipo cikole cinali nyumba yao ya pa boma, imene ili ndi mapepala. Caka ca 2023 cinayenda bwino kwambiri. Azimai anali kufola ndi matini a cimanga dzuwa lisanaturuke, ndipo alamu anali kubwera ku Misa yaciwiri ali mbuu ndi unga m'nsidze, ife nkumawaseka. Ataona kuti anthu ambiri akufuna unga woyera, anaganiza zoonjezera makina okonolera cimanga. Panafunika K30,000, ndipo kampani yaciwiri imene anapitako inati ikufuna munthu wowaimira, woti asaine pansi pa dzina lao.

Anabwera kwathu tsiku lina Loweruka madzulo, pepala lili m'thumba la jekete. Tinaliwerenga kodi? Tinawerenga mzere woyamba ndi mzere wotsiriza. Ife amene abambo a ku misyoni anatiphunzitsa kuwerenga ciganizo katatu tisanaciyankhe, ife amene timakalipira ana a katekisimu akamaloweza mau osawamvetsa, tinasaina pa thebulo la pabalaza tiyi ali m'manja. Tinali kuganiza kuti kusainako nkongocitira umboni kuti alamu ndi munthu wabwino, ndipo za ubwino wao tinalibe cikaiko. Mpaka lero tilibe.

Za caka ca 2024 sitifunika kukumbutsa wina aliyense. Mvula inadula cimanga cikumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti pofika mu Seputembala malo ambiri anali kukhala opanda magetsi mpaka maora 21 pa tsiku. Cigayo cimafuna zinthu ziwiri zokha, cimanga ndi magetsi, ndipo zonse ziwiri zinasowa pamodzi. Alamu anayamba kugona ku cigayo, kuti magetsi akabwera pakati pa usiku agaye matini awiri kapena atatu amene anthu anasiya. Koma nkhongole siidziwa cilala. Tsiku lake lolipira likafika, lafika.

Apa ndi pamene munthu wanzeru amayamba kucita zopusa, ndipo tisamuweruze msanga. Pofuna kutseka pakamwa pa kampani yoyamba, alamu anatenga kaloba. K10,000 ya kaloba imasanduka K15,000 pakutha pa mwezi, ndipo ukalephera imasanduka K22,500 mwezi wotsatira. Lamulo lathu la okongoza ndalama limati ciongola dzanja copitirira 48 pa 100 pa caka khoti liziciona ngati ca nkhanza, koma wa kaloba amatenga 50 pa 100 pa mwezi, ndipo amasunga khadi lako la ku banki m'thumba mwake. Pofuna kutseka pakamwa pa wa kaloba, anakongola pa foni. Potsiriza, ndipo ici ndico cimene cimawawawa koposa zonse, anakongola K8,000 ku kagulu kosunga ndi kukongozana ndalama ka mu mphakati wathu. M'kaguluko ambiri ndi amai amasiye ndi ogulitsa tomato pa msika, oponya K20 kapena K50 pa sabata. Anawapatsa mosavuta, pakuti alamu anali msungacuma wa bungwe la parishi, ndipo ndani akanakaika munthu wosunga makiyi a mtulo?

Nthawi yonseyi ife sitinadziwe kanthu. Ngakhale akazi ao anadziwa theka lokha. Tinadziwa tsiku limene mabelifi anafika ndi lole kuciyambi kwa 2025, natenga mipando, firiji, wailesi yakanema ndi makina osokera a akazi ao, ana a sukulu ataima pa mseu kuonerera. Madzulo ake tinawapeza alamu atakhala pa njerwa m'nyumba yopanda kanthu. Tinawerengera pamodzi pa kope la sukulu, ndipo nkhongole zonse zinapitirira K200,000.

Mwana wa mnansi wathu, amene anaphunzira za malamulo, ndiye anachula mau amene tinali kungowamva pa wailesi akamanena za makampani: bankruptcy. M'cinyanja cathu mulibe liu limodzi lolimasulira, ndipo mwina nkutheka kuti makolo athu sanalifune, pakuti kwa iwo nkhongole ya munthu inali nkhongole ya mbumba yonse, ndipo inali kutha ndi mbuzi, nkhuku kapena kulima m'munda wa mwini cuma. Tanthauzo lake ndi ili: munthu amapita yekha ku Khoti Lalikulu kukavomera kuti walephera kulipira nkhongole zake, kapena amene anamukongoza ndiwo amakamusumira, ndipo khoti limatenga cuma cake conse nkucipereka m'manja mwa munthu wina kuti acigulitse ndi kugawira onse amene ali nao mangawa. Lamulo lake m'dziko muno ndi la 1967, ndipo linatengera lamulo la ku England la 1914. Ndi lakale kuposa ife amene tikulemba.

Tinawaperekeza alamu kwa loya. Anali mai wacitsikana, msinkhu wa mwana wathu woyamba, koma analankhula mosapsatira, ndipo tikumuthokoza pa cimeneci. Anayamba ndi zotonthoza. Anati nkhongole wamba si mlandu wa polisi, ndipo amene amaopseza anzao kuti akawatsekeretsa cifukwa ca kaloba amangodalira umbuli wathu. Anati khoti likangopereka lamulo loyamba, cuma cimakhala pansi pa mkulu wa boma wochedwa Official Receiver, ndipo okongoza amene alibe cikole sangathenso kutumiza mabelifi kapena kuyamba mlandu wina popanda cilolezo ca khoti. Onse ayenera kufola pa khomo limodzi. Anati lamulo limamusiyira munthu zobvala, zogonera za iye ndi banja lake, ndi zipangizo zocepa za nchito ya manja ake. Titamva ici tinakumbuka kuti m'buku la Deuteronomo cilamulo ca Mose cinaletsa kutenga mphero ngati cikole, popeza mphero ndiyo moyo wa banja. Tinafunsa ngati cigayo sicingawerengedwe ngati mphero. Loya anamwetulira nati cigayo ca K120,000 si cipangizo cocepa.

Pambuyo pake anachula zowawa. Nyumba ipita, pakuti wokongoza amene anagwira cikole lamuloli silimuletsa kucigulitsa. Dzina lidzalembedwa mu Gazette ya boma. Alamu adzalemba pansi pa lumbiro ciliconse cimene ali naco ndi aliyense amene anamukongola, ndipo adzaima m'khoti poyera kufunsidwa za mmene anayendetsera ndalama zao, okongoza ali pomwepo ndi ufulu wofunsa nao. Kubisa kanthu, ngakhale ng'ombe imodzi yosungitsa kumudzi, ndi mlandu wa ndende. Kufikira khoti litawamasula, sangakhale woyendetsa kampani, ndipo akafuna kukongola ayenera kuyamba aulula kuti ndi munthu wogwa pa nkhongole. Malamulo oyendetsera dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amaletsa munthu wotere kuima pa masankho a phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena a Pulezidenti. Apa alamu anaseka koyamba pa masabata ambiri, nati za uphungu angapirire. Koma kumasulidwako sikubwera kokha. Ku England masiku ano munthu amamasuka pakatha caka cimodzi osapempha, koma kuno uyenera kubwereranso ku khoti kukapempha, ndipo woweruza akhoza kukana, kucedwetsa, kapena kuikapo mfundo zake.

Zonsezi alamu anazimva akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Cimene cinawaimitsa pa mpando ndi nkhani ya amai a mu mphakati. Iwo anati: "Amai, ndili ndi njinga yamoto imene mabelifi sanaipeze cifukwa inali kokonzetsa. Ndiigulitse mawa, ndibweze K8,000 ya amai amasiye aja, ndipo zotsalazo mutenge." Loya anapukusa mutu. Anati munthu amene akudziwa kuti wagwa, akasankha wokongoza mmodzi nkumulipira mwadala patsogolo pa anzake kutatsala miyezi yocepa kuti apite ku khoti, lamulo limaciona ngati kukondera kwacinyengo, ndipo ndalamazo zikhoza kulandidwanso kwa amene anazilandira. Amai amasiyewo ayenera kufola pamodzi ndi kampani ya pa foni ndi wogulitsa malata, ndipo aliyense adzalandira gawo lolingana ndi kukula kwa nkhongole yake, pambuyo pa misonkho ya boma ndi malipiro a mnyamata wa pa cigayo, zimene zimayamba kulipidwa.

Tinakangana naye, tisabise. Tinati cilungamo cotani cimene cimaika mai wogulitsa tomato pa sikelo imodzi ndi kampani ya nyumba zosanja? Anatiyankha ndi funso: kodi lamulo likalola munthu kusankha, ndi angati angasankhe amai amasiye, ndipo ndi angati angasankhe mcimwene wao, kapena mnzao womwa naye mowa, kapena wa kaloba amene akuwaopseza ndi cikwanje? Tinasowa coyankha. Tikuganizabe kuti lamulo lili ndi diso limodzi pa nkhani iyi, koma taona cifukwa cake analitseka diso linalo.

Ndipo tsopano loya anatembenukira kwa ife. Anafunsa ngati ndife amene tinasaina pa pepala la K30,000. Titavomera, anati: "Atate, mumve bwino. Khoti likadzawamasula alamu anu, lidzamasula iwo okha. Wowaimira samasuka. Kampaniyo ikaona kuti kwa iwo kulibe kanthu, idzabwera kwa inu, ndipo ili ndi ufulu wonse." Pa nthawiyo nkhongoleyo ndi ciongola dzanja cake inali itafika K41,000. Katekisti salandira malipiro oti nkuchula pa gulu. Timadya za m'munda, ndi za nkhuku zimene amai a kunyumba amaweta, ndi kangacepe kamene mwana wathu wa ku Lusaka amatumiza.

Mu basi yobwerera sitinalankhulane. Usiku umenewo amai a kunyumba anatifunsa funso limene anali ndi ufulu wofunsa kuyambira kale: "Kodi atate ake a ana, posaina muja munandifunsa ine?" Sitinawafunse. Tinali kuganiza kuti popeza wokongolayo ndi mlongo wao, adzakondwera. Iwo anati akanafunsidwa akanakana, osati cifukwa cosamukonda mlongo wao, koma cifukwa akumudziwa kuyambira ali mwana kuti sadziwa kunena kuti zandivuta. Analira, ndipo sitinadziwe ngati akulirira mlongo wao, nkhuku zao, kapena mwamuna wao wophunzira amene sawerenga.

M'masiku otsatira tinapeza mumtima mwathu cinthu cimene sitinali kudziwa kuti cilimo. Tinayamba kufuna kuti alamu asapite ku khoti. Tinali kuwauza kuti cidzakhala citonzo pa banja, kuti ana adzasekedwa, kuti Mkhristu sathawa nkhongole. Koma pansi pa mau okomawo panali masamu: malinga alamu akupitiriza kuvutika ndi kulipira pang'ono-pang'ono, kampaniyo siidzagogoda pa khomo pathu. Tinali okonzeka kuti iwo amire pang'ono-pang'ono kuti ife tisanyowe. Tinacizindikira cimeneci tsiku lina tikuphunzitsa acinyamata okonzekera Ulimbitso fanizo la m'mutu 18 wa Mateyo Woyera, la kapolo amene anakhululukidwa cuma cosawerengeka koma nagwira mnzake pakhosi cifukwa ca tindalama tocepa. Tinaphunzitsa fanizoli zaka zoposa 20, ndipo nthawi zonse tinali kudziika pa malo a kapolo wogwidwa pakhosi.

Tinakumbukanso zina. Ca m'ma 1998 ndi 1999, tili anyamata, tinayenda m'midzi ndi mapepala a Jubilee 2000, kusainitsa anthu kuti maiko olemera afafanize nkhongole ya Zambia. Tinali kufotokoza ndi moto kuti dziko silingalipire nkhongole ana ake akufa m'zipatala zopanda mankhwala. Mu 2005 gawo lalikulu la nkhongoleyo linafafanizidwadi, ndipo tinavina. Mu Novembala 2020 dziko lathu linalepheranso kulipira ciongola dzanja ca madola 42.5 miliyoni, ndipo nduna zathu zinakhala zaka zingapo zikukambirana ndi okongoza kuti atipatse mpata wopuma. Palibe mmodzi wa ife amene anati Zambia ndi wakuba. Koma mphunzitsi wopuma pa nchito akapempha mpata womwewo pa K200,000, timamuloza ndi mlomo pa khomo la chalichi. Mamiliyoni a anthu ena ndi osavuta kukhululuka.

Sitikunena kuti aliyense wolemedwa ndi nkhongole athamangire ku khoti. Njirayi imadya ndalama za loya ndi za maulendo, ndipo kwa munthu amene nkhongole yake ndi ya matumba asanu a feteleza, kuli bwino kuitana omukongoza pamaso pa amfumu kapena akulu a mpingo nkugwirizana za kalipiridwe. Ngakhale lamulo lomweli limapatsa mpata wotere: khoti lisanagamule, wokongola akhoza kupempha okongoza kuti alandire gawo, kapena amupatse nthawi. Alamu anayesa, koma nyumba itapita panalibe cotsala cokopera munthu. Ndiponso tikudziwa kuti alipo ocenjera amene amalembetsa cuma m'dzina la mkazi kapena la mwana nkupita ku khoti atavala nsapato zong'ambika. Za iwo sitikulemba.

Tinapita kwa alamu tsiku lina m'mawa nkuwauza kuti apite, ndipo K41,000 ija tidzaona mocitira. Sanathokoze. Anangoti, "Alamu, mwandimenya." Tinamva cimene anali kutanthauza.

Tsiku lofunsidwa poyera tinakhala pa benchi ya kumbuyo. Munthu amene anaphunzitsa masamu theka la boma la Katete anafunsidwa cifukwa cace analibe buku la ndalama za cigayo, ndi cifukwa cace anapitiriza kukongola atadziwa kale kuti sangabweze. Anayankha kuti anali kuyembekeza mvula. Wa kaloba sanabwere ku khoti, pakuti kumeneko amafuna mapepala, koma anabwera kunyumba usiku kawiri konse, ndipo pepala la woweruza silitseka pakamwa pa munthu woima pa zenera. Analeka pamene amfumu a mudzi anamuitana. Cigayo cinagulitsidwa pa mtengo wosafika theka la umene cinagulidwira. Mnyamata wa pa cigayo analandira malipiro ake onse a miyezi itatu. Amai a mu mphakati, pa K8,000 yao, analandira K900 ndi ndalama zocepa pamwamba.

Tsopano alamu akukhala kumudzi, m'nyumba ya maudzu imene anasiya malemu amai ao. Udindo wa msungacuma anautula okha tsiku lomwe mabelifi anabwera, ngakhale kuti mabuku a parishi atawerengedwa sipanasowe ngakhale ngwee. Kwa miyezi inai sanapite ku Mgonero, ndipo anali kukhala pafupi ndi citseko kuti aturuke anthu asanayambe kupatsana moni. Pamene mphwao wamkazi anali kukwatiwa, akulu ena a m'banja ananong'ona kuti munthu wolembedwa mu Gazette sangakhale nkhoswe, ndipo anali amai a kunyumba kwathu, omwe aja analira usiku, amene anaimirira nati cibale ndi fupa siciola, ndipo amene ali ndi mlongo wina amubweretse. Akazi ao amaphika vitumbuwa. Mwana wao wotsiriza anasiya koleji kwa caka cimodzi. Wa sitolo ya pa mudzi, amene kale anali kuwalembera shuga ndi sopo m'buku, alamu anapita okha kukamuuza za mlandu wao monga lamulo lifunira, ndipo iye anatseka bukulo mwaulemu.

Koma amagona. Akazi ao anauza amai a kunyumba kuti kwa caka cathunthu bamboyo anali kudzuka pa ora laciwiri usiku nkukhala pa mphepete mwa bedi, foni ikalira nkumanjenjemera, ndipo tsiku lina anawapeza ataima m'khola akuyang'ana botolo la mankhwala a thonje. Ici sitinacidziwe pamene tinali kuwalalikira za citonzo ca banja. Tikupempha aliyense amene ali ndi wacibale wolemedwa cotere kuti asamusiye yekha, ndipo akaona zizindikiro zotere apite naye ku cipatala kapena kwa ansembe tsiku lomwelo.

Alamu ali ndi kope lina, losiyana ndi lija tinawerengeramo nkhongole. Analembamo maina 17 a amai a m'kagulu kaja, ndi gawo la aliyense pa K7,100 yotsala. Loya anawauza kuti akadzamasulidwa, lamulo silidzawafunsanso ndalamazo, koma silidzawaletsanso kubweza ndi dzanja lao. Mmodzi wa amaiwo, wa zaka zoposa 70, anawauza kuti afafanize dzina lake. Wina sawapatsa moni mpaka lero, ndipo sitingamuimbe mlandu, pakuti ndalama zake zinali za mayeso a mdzukulu.

Ife tinagwirizana ndi kampani ija kuti tizilipira K1,500 pa mwezi, ndipo nthawi ino pepalalo tinaliwerenga katatu, amai a kunyumba atakhala pambali ndi magalasi ao. Tinagulitsa ng'ombe imodzi kuti ticepetse mutu wa nkhongole. Pa tsiku lomaliza la mwezi uliwonse alamu amabwera pa njinga yakapalasa, makilomita 14, kudzatiperekeza kokalipira. Tinawauza kuti palibe cifukwa, koma amabwerabe, ndipo amaima panja pa ofesi atagwira njinga zonse ziwiri. Kwatsala miyezi 11.